Dzenje lopuma ndi khwawa lomeza madzi: kodi ku Mangochi kuno kuli mapanga a m'miyala ya laimu?

Lolemba madzulo

Aphunzitsi Mbewe: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachisanu. Ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 momwe madzi amadyera miyala ya laimu mpaka kuboola mapanga pansi pa nthaka, ndipo zitsanzo zonse zomwe ndinali nazo zinali zakunja. Titaweruka, mtsikana wina ananditsatira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zimene mumanena zija kwathu ziliko." Akuti kumtunda kwa mudzi wawo, kumadzulo kwa nyanja, kuli khwawa lomwe m'dzinja madzi ake amayenda bwinobwino, kenako n'kungolowa pansi pa thanthwe osaonekanso. Chakumtunda kwake kuli dzenje lomwe agogo ake aamuna amati limapuma. M'miyezi yozizira ngati uno wa Julaye limatulutsa mpweya wofunda, koma ikafika Okutobala limatulutsa wozizira, moti abusa a mbuzi amakakhala pakamwa pake masana. Alipo amene akudziwapo kanthu pa zoterezi?

Che Wadi: Aphunzitsi, mapanga kuno ndi osayamba. Ine ndayendetsa alendo pa boti ku Chembe zaka zambiri. Ku Domwe, ku Thumbi, kuzungulira Otter Point, ali mbwee. Ena timausamo mvula ikatipeza panyanja. Bwerani ndidzakuonetseni, simudzalipira kanthu.

Anaphiri: Che Wadi, amene mukunenawo ndinawaonapo ndipo ndi okongola, koma ndi a mtundu wina. Mapiri a ku Cape Maclear ndi a mwala wolimba uja wa granite ndi abale ake. Umenewo madzi sausungunula. Umangong'aluka, zimiyala n'kugubuduka n'kusanjikizana, pansi pake n'kutsala mpata. Phanga lotero mukangoyenda mapazi khumi mwafika kumapeto, ndipo kuwala kwa kunja mumakuonabe. Ngakhale ku Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za makolo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, ambiri ndi otero, makhonde a pansi pa matanthwe.

Limene akufunsa aphunzitsi ndi phanga losemedwa ndi madzi. Mvula ikamagwa imatenga mpweya wa carbon dioxide, ndipo ikamalowa m'nthaka imatenganso wochuluka kuchokera ku mizu ndi zinyalala zowola. Madziwo amasanduka asidi wofooka zedi, woti lilime silingamumve. Akapeza kamng'alu m'mwala wa laimu amakadya pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi, kamng'alu n'kusanduka mpita, mpita n'kusanduka chipinda. Ine ntchito yanga ndi yoyeza malo okumba mijigo, ndiye mwala umenewu ndimakumana nawo.

Aphunzitsi Mbewe: Nanga zopumazo, Anaphiri? Ndi pamene pandigwira mtima.

Anaphiri: Nanenso ndi pomwepo. Mwanayo akanati dzenjelo limazizira nthawi zonse, sindikanatekeseka. Koma wanena kuti limafunda m'chisanu n'kumazizira m'chilimwe, ndipo ndi momwedi zimakhalira. Mkati mwa phiri kutentha sikusinthasintha, kumakhala chimodzimodzi chaka chonse. Ife kunja kuno ndi amene timasintha. Ndiye m'mawa wa Julaye mpweya wa mkatiwo timaumva kufunda, masana a Okutobala timaumva kuzizira. Chinanso, una wa nungu kapena wa fisi sutulutsa mphepo yoti munthu n'kuimva pankhope. Kuti mphepo iziyenda pamafunika mpata waukulu mkati, ndipo kawirikawiri pamakhala khomo lina penapake.

Yamikani: Aphunzitsi, ine ndakonzeka. Loweruka lomweli tiyeni. Njinga yamoto ndili nayo, tochi ndili nayo. Tumizani malo ake pa mapu.

Aphunzitsi Mbewe: Dekha Yamikani. Unali wothamanga chonchi kuyambira uli Fomu 1. Tiyambe tamva kwa anzathu.

Che Wadi: Koma mwala wa laimuwo kuno ulipo? Ine ndimangomva za ku Balaka.

Anaphiri: Ku Balaka ulipodi, m'mapiri a Chenkumbi, komwe anthu akhala akuotcha laimu kwa nthawi yaitali. Uliponso ku Changalume kufupi ndi Zomba, komwe kale ankakumba wopangira simenti, ku Lirangwe, ku phiri la Malowa cha ku Golomoti, ndi ku Kasungu komwe kulinso fakitale ya simenti. M'boma lathu lino fakitale ya simenti ili ku Njereza, ndipo simenti sangapange popanda mwala umenewu.

Mayi Nachisale: Ana inu, dzina lenilenilo silikukuuzani? Njereza si ndiyo ija tinkapaka nyumba ikayandikira Khirisimasi? Makolo sankangotchula malo mwachisawawa. Mukamva malo akutchedwa Njereza, Mapanga, Mwala wakutiwakuti, dziwani kuti pali chimene anaona. Ngakhale Mwala wa Mphini wa panjira ya ku Chembe uja, anautcha choncho chifukwa mizere yake ikunga mphini za pankhope. Musanayambe kufunsa mapu a m'foni, funsani mayina a makwawa ndi timapiri kwa anthu okalamba.

Anaphiri: Mayi, mwanena zimene ife a ntchito imeneyi timaziiwala. Zikomo.

Ndichenjeze chinthu chimodzi kuti tisakhumudwe patsogolo. Laimu wathu wambiri kuno si uja woyalana makilomita ambirimbiri ngati wa ku Kentucky ku America, komwe phanga la Mammoth lapimidwa kupitirira makilomita 680. Wathu ndi wakale kwambiri, anapsa ndi kufinyidwa pansi pa nthaka mpaka kusanduka marble, ndipo amapezeka m'timizere topyapyala pakati pa miyala ina yolimba. Phanga limalekezera pomwe mzerewo walekezera. Choncho likapezeka mwina lidzakhala la mamita makumi angapo basi. Komatu ngakhale lotero n'lofunika, chifukwa mapanga a m'laimu a m'dziko muno sanafufuzidwe kwenikweni. Anzathu otizungulira ali nawo odziwika: Amboni kufupi ndi Tanga ku Tanzania, Chinhoyi ku Zimbabwe komwe kuli dziwe la madzi abuluu lakuya kupitirira mamita 100, ndi mapanga a ku Cheringoma m'chigawo cha Sofala ku Mozambique.

Yamikani: Achemwali, nanga choko? Ndinaona pa YouTube anthu akufunafuna mapanga m'mapiri oyera a choko ku England. Ndi choko chomwechi cholembera pa bolodi?

Anaphiri: Dzina ndi limodzi koma zinthu ziwiri. Cholembera pa bolodi masiku ano nthawi zambiri amachipanga ndi mwala wina wofewa wotchedwa gypsum. Choko cha m'mapiri a ku Dover ndi laimu wofewa, woyera, wopangidwa ndi tizikamba ta tizomera tosaoneka ndi maso tomwe tinkamira pansi pa nyanja yamchere zaka zoposa 66 miliyoni zapitazo. Chili ndi timing'alu tambirimbiri, ndiye madzi amagawikana m'malo modya njira imodzi, ndipo mapanga ake amakhala ochepa ndi opanikiza. Kwa nthawi yaitali anthu ankangoti m'choko mulibe mapanga, ndipo chifukwa choti atero, ofufuza anali ochepa. Ena atalimbikira, makamaka ku Normandy ku France, anawapeza. Kuno choko chotero tilibe. Koma mawu aja akuti "kumeneko kulibe" ndi omwewo amene timanena za dziko lathu tisanapite n'komwe kukayang'ana.

Bambo a Tadala: Pepani ndilowererepo. Ine sindikutsutsa maphunziro. Koma chimanga chakwera, mafuta akusowa, usipa nawo wachepa, ndiye anthu akuluakulu mukawononge Loweruka lathunthu ndi petulo kukasuzumira m'dzenje? Mukalipeza phangalo, wa kumudziko apindula chiyani?

Aphunzitsi Mbewe: Funso lanu ndi loyenera, bambo. Ine yankho langa ndi laling'ono. Ndili ndi mwana amene kwa nthawi yoyamba waona kuti za m'kalasi zikunena za kwawo, ndiponso kuti agogo ake osapita kusukulu amadziwa zimene buku likunena. Sindikufuna kumuuza kuti wanama ndisanakaone.

Idrissa wa ku Joni: Ankolo a Tadala, kuno ndimakhala kufupi ndi dera la mapanga a Sterkfontein, ndipo ndinalowamo kawiri. Anthu amadya ndi mapanga amenewa, operekeza alendo, ogulitsa zakudya, oyendetsa galimoto. Ndipo zambiri zinapezeka ndi anthu wamba. Chigaza cha mwana wa mtundu wa anthu akalekale, cha ku Taung kuno ku South Africa, chinatuluka mu 1924 pamalo okumba laimu, ogwira ntchito akuphulitsa miyala. Cha ku Kabwe ku Zambia chinapezeka mu 1921 mu mgodi. Mu 2013 anyamata awiri okonda mapanga, Rick Hunter ndi Steven Tucker, anadzipanikiza pampata wa masentimita 18 m'phanga la Rising Star n'kupeza chipinda chodzaza mafupa. Anatulutsamo oposa 1,500, ndipo mu 2015 analengeza kuti ndi mtundu wa anthu akale womwe sunkadziwika, Homo naledi. Laimu amasunga mafupa, nthaka wamba imawadya.

Bambo a Tadala: Kumeneko ndi ku Joni, mphwanga. Kuno mlendo angakwere phiri kukaona dzenje atasiya nyanja?

Idrissa wa ku Joni: Mwina ayi. Koma ku Karonga nsagwada imodzi ya munthu wakalekale yomwe inapezeka ku Uraha mu 1991, pamodzi ndi mafupa a chinyama chachikulu chakale chotchedwa Malawisaurus, zinabweretsa nyumba yosungira zakale yomwe anthu amapitako mpaka lero.

Lachiwiri m'mawa

Anasibeko: Mwadzuka bwanji. Ndinali pa ntchito ya usiku, ndangowerenga zonse tsopano. Ine monga namwino nkhawa yanga ndi mileme. M'zitosi zake zouma mumamera nkhungu ina yomwe fumbi lake mukalipuma limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa histoplasmosis. Amayamba pakati pa masiku 3 ndi 17 mutalowamo: kutentha thupi, chifuwa, kufooka. Amafanana kwambiri ndi TB moti munthu atha kumwa mankhwala a TB osachira. Kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika ndi oopsa, ndiye aliyense adziyese yekha mumtima, safunika kutiuza chifukwa chake. Palinso nthenda yoopsa ya kachilombo yotchedwa Marburg. Anthu awiri amene analowa m'phanga la Kitum ku Kenya, wina mu 1980 wina mu 1987, anamwalira nayo, ndipo mu 2008 mayi wina wa ku Netherlands anamwalira atalowa m'phanga la mileme ku Uganda. Imene imasunga kachilomboka ndi mileme ikuluikulu yodya zipatso yomwe imagona m'mapanga. Mukaona yambiri yotero, bwererani. Mleme osaugwira ndi manja, ungakhale ndi chiwewe. Ndipo m'fumbi la pakhomo pomwe pamagona nungu kapena njiri mumakhala nkhufi, musakhale pansi.

Yamikani: Anesi, masiki a nsalu aja a nthawi ya Covid angathandize?

Anasibeko: Ayi. Pezani a N95, ndipo agwire bwino pamphuno. Zovala mukabwerako muchape padera.

Che Wadi: Kuonjezera apo, njuchi. M'ming'alu ya matanthwe ndi momwe zimakonda kumanga. Ine ndinaonapo mlendo akuthamangira m'madzi nazo. Nsato nayo imakonda pakhomo pa phanga. Muponye kaye timiyala, mudikire.

Mayi Nachisale: Zonsezo nzabwino, koma palibe amene wanena za amfumu. Ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa nkhaniyi ine imandikhudza. Agogo anga aakazi ankatiuza kuti amayi awo anabisala m'phanga masiku ambiri nthawi ya nkhondo zogwira akapolo, ali kamtsikana, atawatseka pakamwa ndi nsalu kuti asalire. Dera lathu lino ndi lomwe munkadutsa njira za akapolo, mukudziwa za Mponda, Makanjira ndi Jalasi, ndipo linga la pa phiri la Mangochi linamangidwa Jalasi atagonja mu 1895. Ndiye mapanga ena si maenje chabe. Ena munafera anthu, ena ankathiramo nsembe yopempha mvula, ena ndi a zinamwali. Simungangofika ndi njinga zamoto n'kuyamba kukwawiramo. Mukayambe mwaodira kwa amfumu, mukafotokoze chimene mwadzera, ndipo akakana mukabwerere osanyinyirika.

Aphunzitsi Mbewe: Tamva, mayi. Ndalankhula kale ndi bambo a mwanayo, ndipo agogowo avomera kutiperekeza kwa amfumu. Akutinso kuli phanga lina kuseri kwa phiri lomwelo, lokhala ndi mapale ndi mwaye kudenga.

Yamikani: Ndiye tikaone onse awiri tsiku limodzi!

Mayi Nachisale: Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Mukachite chimodzi mokwanira.

Bambo a Tadala: Apa pokha ndigwirizana nanu. Ndipo aphunzitsi, dzina la mudzi musalilembe pagulu pano. Tilipo anthu ambiri ndipo mauthenga amatumizidwa kwina. Mwaona zimene ofuna golide achita m'nkhalango za ku Makanjira ndi Namizimu. Wina akangomva kuti kuli phanga, aganiza kuti muli chuma chokwiriridwa, apita ndi mapiki usiku.

Yamikani: Koma tikabisa, dziko lidziwa bwanji? Si ndiye kufufuza kwake n'kotani?

Anaphiri: Kubisira pagulu si kubisira aliyense, Yamikani. Malo ake enieni tidzawalemba ndi GPS n'kuwapereka ku nthambi ya Geological Survey ku Zomba. Tikaona mapale, mikanda, mafupa kapena zojambula, timajambula chithunzi osasuntha kanthu, n'kudziwitsa a nthambi ya boma yoona zinthu zakale ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba kapena kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo. Phale likachoka pomwe linagona, nkhani yake yatha, latsala phale chabe. Nyumba yosungira zakale ya pa boma pano, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, ndi poyambira pabwino.

Zonyamula si zambiri. Viniga wa m'sitolo, mpeni, kanyundo, tepi yopimira, kope ndi pensulo. Mwala woyera uliwonse si laimu. Nsangalabwi nayo ndi yoyera, koma mpeni suikanda. Laimu mpeni umamukanda mosavuta. Mukakanda, thirani viniga pa ufa wakewo n'kuika khutu pafupi. Akachita thovu, ndi yemweyo. Mtundu wina wotchedwa dolomite suchita thovu msanga pokhapokha mutaupera, ndiye musafulumire kuukana. Aliyense wolowa akhale ndi chipewa cholimba, ngakhale cha njinga yamoto, ndi matochi atatu, osawerengera foni.

Idrissa wa ku Joni: Ndipo mmodzi atsale kunja, atauzidwa nthawi yomwe mutuluke. Kumbukirani ana 12 aja a mpira ndi mphunzitsi wawo ku Tham Luang ku Thailand. Analowa pa 23 Juni 2018, madzi n'kuwatsekera njira, omaliza anatuluka pa 10 Julaye, ndipo mmodzi mwa owapulumutsa anafera momwemo. Kumeneko kunapita akatswiri a dziko lonse lapansi. Kwathuko ndani angabwere?

Anaphiri: N'chifukwa chake nthawi yake ndi ino. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, phanga lomeza khwawa silolowamo ngakhale kunja kuli ngwee, poti mvula itha kugwa kumtunda inu osadziwa.

Che Wadi: Lachisanu ine ndili ku Jumu'ah, Lamulungu enanu muli ku tchalitchi. Likhale Loweruka. Chingwe cha boti ndibweretsa.

Lamulungu madzulo

Aphunzitsi Mbewe: Abale, tapita ndipo tabwerako bwino tonse. Tinali anayi: ine, Anaphiri, Che Wadi ndi Yamikani. Ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ambiri mwakhala mukufunsa kumbali.

Tinafika m'mudzimo dzuwa litangotuluka, kuli chisanu choluma zala. Agogo aja anatitengera kwa amfumu, ndipo tinakhala pamphasa pafupifupi maola awiri. Amfumu anafunsa mafunso ambiri: watituma ndani, tikufuna miyala yogulitsa kapena ayi, zithunzi tikapita nazo kuti. Anaitanitsa nduna zawo ziwiri ndi mayi wina wachikulire. Pa za phanga la mapale lija anakana poyera. Anati muli makolo awo ndipo mlendo salowamo. Sitinafunsenso kachiwiri. Za dzenje lopuma ndi khwawa anavomera, n'kutipatsa nduna imodzi kuti itsagane nafe.

Tinayenda ola limodzi ndi theka kukwera. Poyamba miyala inali yakuda ndi yofiirira ija tinaizolowera. Kenako agogo anaima n'kuloza pansi ndi ndodo yawo, akuti apa ndi pomwe bambo awo ankatola miyala yootcha njereza. Mwala unasinthadi, wotuwa, wa mizere yoyera, pamwamba pake pali timigula tosalala ngati wina anadutsitsapo zala pa dothi lonyowa. Anaphiri anakanda ndi mpeni, n'kuthira viniga. Tonse tinagwada kumvetsera. Thovu linatuluka, ndipo kaphokoso kake kanamveka. Agogo anaseka n'kunena kuti iwo akanatiuza popanda viniga.

Khwawa ndi louma pano. Tinalitsatira mpaka pomwe limathera, pa thanthwe lotalika ngati munthu ndi theka. Pansi pake pali mpata wodzaza mchenga, zinyalala ndi zitsa zomwe madzi anakokolola. Kuseri kwa thanthwelo kulibe njira ya madzi ngakhale pang'ono, udzu wokhawokha. Nduna ija inati chaka cha Freddy, mu Malichi 2023, mpatawo unalephera kumeza madzi onse, panachita dziwe masiku atatu, kenako usiku umodzi linaphwa lonse ndi mkokomo womwe unamveka kumudzi.

Dzenje lopuma lili chakumtunda, patsinde pa mkuyu waukulu womwe mizu yake yalowa momwemo. Pakamwa pake tinapima masentimita 70 m'lifupi ndi 50 msinkhu. Nditaika nkhope, magalasi anga anachita nthunzi. Mpweya wofunda, wonunkha dothi lonyowa, ukutuluka mosalekeza moti masamba ouma a pakhomo ankagwedera. Pakhomopo panali minga ya nungu. Tinaponya timiyala, tinadikira, sipanatuluke kanthu.

Analowa ndi Anaphiri ndi Yamikani, ife tinatsala kunja. Ena afotokoze okha.

Yamikani: Ine ndinene zoona, mtima unagunda. Mamita 6 oyamba ndi okwawa chafufumimba. Kenako denga limakwera moti munthu n'kukhala chonjuta. Makoma ndi osalala, okumbikakumbika ngati mkati mwa chipande. Kudenga kuli timiyala tolendewera ngati mawere a mbuzi, tina tikudontha madzi, mwezi uno womwe kunja kulibe ndi dontho lomwe. Ndinafuna kukhudza koma achemwali anandigwira dzanja. Tinaona mileme ing'onoing'ono isanu ndi iwiri, sinali ikuluikulu ija. Pa mamita 14 pansi pamathera pa chiphompho. Tochi siinafike pansi pake bwino. Tinaponya mwala ndipo tinaumva ukugunda kawiri, kenako phava, m'madzi.

Anaphiri: Pamenepo ndi pomwe ndinati tibwerere. Chingwe cha Che Wadi ndi chabwino pa boti, koma kutsikira nacho m'chiphompho popanda malamba ndi zitsulo zake, ndiponso popanda amene anaphunzira ntchitoyo, ndi kufuna maliro. Kutsika n'kosavuta, kukwera ndiye nkhani. Komanso m'maenje otero mumatha kudikha carbon dioxide. Mpweya wabwino uli ndi oxygen 21 pa 100 aliwonse, ndipo kandulo imazima akatsika kufika cha pa 16 kapena 17. Yathu inayaka bwino pomwe tinafikapo, koma kandulo si yodalirika kwathunthu. Munthu akayamba kupuma mwawefuwefu kapena mutu kuwawa, atuluke osadikira kandulo.

Timiyala tolendewera tija ndinamuletsa Yamikani chifukwa kamodzi kotalika ngati chala katha kutenga zaka mazana kuti kakule, ndipo mafuta a m'manja amakadetsa mpaka kalekale. Koma ndikutsimikiza tsopano: ili ndi phanga lenileni losemedwa ndi madzi, m'marble, m'boma la Mangochi.

Idrissa wa ku Joni: Ndawerenga ndili chiimire. Mulungu akudalitseni. Mwapeza phanga!

Che Wadi: Idrissa, tisanene kuti tapeza. Mdala uja analowamo ali mnyamata, ndi muuni wa udzu, akutsata nungu, ndipo chiphomphocho anatiuza tisanalowe. Pobwerera anatitchulira maenje ena anayi, lililonse ndi dzina lake, ndi kasupe yemwe saphwa ngakhale chaka cha chilala. Ine ndayenda ndi alendo zaka zonsezi, koma dzulo mlendo ndinali ine.

Idrissa wa ku Joni: Mwandikonza bwino, Che Wadi. Ngakhale Son Doong ku Vietnam, lomwe amati ndi lalikulu kuposa onse, analiona koyamba ndi munthu wa komweko, Ho Khanh, ndipo ndi iye anaperekeza Angerezi okalipima mu 2009.

Anaphiri: Pali china chomwe aphunzitsi sananene, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. M'zinyalala za pampata womeza khwawa muja tinapezamo mafupa a mbuzi ndi mabotolo atatu a mankhwala opopera thonje. Nduna inatiuza mosabisa kuti chiweto chikafa ndi matenda amakataya kumeneko, poti madzi amachotsa. Tsono kasupe wosaphwa uja ali kumunsi kwa phiri lomwelo, ndipo ndi pomwe amayi a m'mudzimo amatunga mjigo ukawonongeka. Ndinayang'ana m'ketulo ya kunyumba kwa agogo, mkati mwake mwachita chikhakha choyera, kusonyeza kuti madziwo amadutsa m'laimu. M'mchenga madzi amasefeka poyenda. M'mpita wa m'laimu sasefeka, amangothamanga ngati mu paipi. Ngati khwawalo ndi kasupeyo zili pa njira imodzi, chimene chatayidwa kumtunda chitha kufika mu ndowa pa masiku ochepa.

Anasibeko: Mayo ine. Ndi kolera amene tinamuona m'boma lino mu 2022 ndi 2023, nkhani imeneyi isadikire. Pomwe mukufufuza, auzeni azithira klorini kapena kuwiritsa madzi a pakasupepo. Alangizi a zaumoyo a dera limenelo ndiwapeza ine, aphunzitsi munditumizire dzina la mudzi kumbali.

Bambo a Tadala: Anaphiri, izi ndiye zandifika. Mungatsimikize bwanji kuti madziwo ndi amodzi?

Anaphiri: Pali utoto wina wotchedwa fluorescein, wosavulaza ukathiridwa pa muyeso wake. Timauthira pomwe madzi akulowa, n'kumayang'anira akasupe onse ozungulira kuti utulukira kuti, ndiponso patapita maola angati. Zimafuna khwawa likuyenda, ndiye ndi mvula zoyamba, ndipo sizifuna kulowa m'phanga. Koma tiyenera kupeza chilolezo kwa a zamadzi, ndi kufotokozera mudzi wonse pabwalo tsiku lisanafike. Tangoganizani amayi atadzuka n'kupeza kasupe wabiriwira, alendo atangochoka kumene.

Mayi Nachisale: Mungathamangitsidwe ndi miyala, ndipo sangalakwe. Mukapite kwa amfumu omwewo, akaitanitse msonkhano okha. Ndipo mukanene mwaulemu za mbuzi zotayazo. Anthuwo sankadziwa kuti madzi amatulukira kuti, monganso inu simunkadziwa kuti dzenjelo lilipo.

Bambo a Tadala: Petulo wa ulendo wa msonkhanowo ndilipira ine. Aphunzitsi mundiuze tsiku.

Aphunzitsi Mbewe: Zikomo kwambiri bambo. Kalata ya ku Zomba ndalemba kale, Anaphiri aiona mawa n'kuikamo manambala a GPS. Timiyala tiwiri tomwe amfumu anatilola kutenga tipita nato limodzi ndi kalatayo. M'kope lathu phangalo talilemba ndi dzina lomwe eni ake amalitchula, ndipo pamzere wa amene anatisonyeza talemba dzina la agogo aja, monga anapempha mdzukulu wawo. Maenje anayi otsalawo tikaona limodzi limodzi mvula isanayambe, kuyambira Loweruka la pa sabata ziwiri zikubwerazi.

Yamikani: Tepi yathu inali ya mamita 5, tinavutika nayo. Alipo ali ndi ya mamita 30 atibwereke?

Che Wadi: Mlamu wanga ndi mmisiri womanga, ali nayo. Ndikaitenga Lachinayi ku Monkey Bay.